Madzi a M'dziwe Akabiriwira, Musathamangire Klorini

[Kamera ili pa dziwe losambiramo. Madzi ndi obiriwira koma pansi pakuoneka.]

Taonani madziwa. Dzulo anali oyera mbee. Madzulo mwini wake anathira klorini wambiri, kwacha lero abiriwira chonchi. Ambiri akaona zotere amangoti ndi ndere, n'kuonjezera klorini wina. Dikirani kaye.

[Dzanja likusisita khoma la dziwe.]

Ndere imadetsa madzi mpaka pansi osaoneka, ndipo khoma limaterera. Ili silikuterera, komanso matailosi a pansi ndikutha kuwawerenga limodzilimodzi. Zikatere ganizirani zitsulo zosungunuka m'madzi, makamaka mkuwa. Ndi womwewo umasandutsa tsitsi loyera kukhala lobiriwira, ngakhale mlandu umagwera klorini.

Tiyeni tiyeze. Musatunge pamwamba. Mizani botolo loyera mpaka madzi afike m'chigongono, patali ndi pomwe pampu imalavulira madzi. Yezani ndi timapepala toyezera mkuwa kapena mankhwala odonthetsa. Mkuwa ukapitirira 0.2 kapena 0.3 ppm (magawo pa miliyoni), makoma akhoza kuyamba kuchita mawanga. Koma pali msampha: mkuwa womwe wakakamira kale kukhoma suoneka poyeza. Ndiye khoma likakhala ndi mawanga obiriwira mobuluwira, kapepala n'kumati ziro, khulupirirani khomalo.

Yezaninso madzi omwe mumadzazira dziwe, a pampopi kaya a pachitsime. Izi ambiri amaiwala.

Nanga mkuwawo walowa bwanji? Yambani ndi kuwerenga pa botolo la mankhwala ophera ndere, chifukwa ambiri amapangidwa ndi mkuwa. Makina otchedwa ionizer nawonso ntchito yake n'kuthira mkuwa mwadala. Koma chowawa kwambiri ndi hita, makina otenthetsera madzi a m'dziwe. Mapaipi a m'kati mwa mahita ambiri ndi amkuwa, ndipo pH (muyezo wa asidi m'madzi, womwe umatsika asidi akachuluka) ikakhalitsa pansi pa 7, madzi amawadya pang'onopang'ono. Mapilitsi a klorini otchedwa trichlor ali ndi asidi woopsa, pH yake ili cha m'ma 3. Mukawaponya mu skimmer (kabowo ka m'mbali mwa dziwe komwe pampu imakokera madzi a pamwamba), pampu n'kuzima usiku, m'mawa asidi yenseyo amapita molunjika mu hita. Chizolowezi chimenechi chisiyeni lero.

[Botolo la sequestrant, mankhwala ogwira zitsulo m'madzi, lili m'manja.]

Tsopano chithandizo. Lekani kaye kuthira klorini wambiri nthawi imodzi. Konzani pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kusinthasintha) pakati pa 80 ndi 120 ppm. Kenako thirani sequestrant potsatira muyezo wolembedwa pa botolo, pampu izizungulira osazima.

Apa mvetsetsani. Mankhwalawa sachotsa mkuwa. Amangougwira kuti usakakamire kukhoma, ndipo klorini amawafooketsa m'kupita kwa masiku, choncho mudzakhala mukuonjezera. Ine ndikuti, ngati madzi anu odzazira alibe mkuwa, tayani gawo la madzi a m'dziwe n'kuthira atsopano. Masamu ake ndi apafupi: mukasintha theka, mkuwa wosungunuka umatsika ndi theka. Musakhuthule onse, chifukwa dziwe lopanda kanthu likhoza kung'aluka kapena kutukulidwa ndi madzi a pansi pa nthaka.

Mawanga akatsalabe, yesani asidi wa citric pamalo pang'ono, klorini atatsika. Vitamini C amayeretsa mawanga a ayironi, koma a mkuwa nthawi zina amangowadetsa kwambiri. Pakatha sabata, tengani botolo lotungira madzi lija muyezenso.