Makalata a omvera: ena akuseka atatseka pakamwa

Takulandirani omvera athu. Sabata yatha tinakamba za mano, ndiye makalata abwera ambiri ndithu. Chandidabwitsa n'chakuti odandaula za kupweteka ndi ochepa. Ambiri akudandaula za manyazi. Tiyambe ndi iyi, yochokera kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina.

"Aulutsi, ndili ndi zaka 34. Mano anga akutsogolo ali ndi mawanga ofiirira kuyambira ndili mwana, ndipo limodzi linabenthuka. Ndikamaseka ndimatseka pakamwa ndi dzanja. Pa zithunzi ndimaoneka ngati ndakwiya, moti anzanga kuntchito amati ndine wodzimva. Ndakhala ndikukwecha ndi makala komanso soda, koma palibe chikusintha. Pano mano ayamba kundipweteka ndikamwa madzi ozizira. Nditani?"

Mayi, makala ndi soda musiye lero lomwe. Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chomwe n'cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, koma chikaperepeseka sichimeranso. Pansi pake pali mbali yachikasu yomwe imamva kuzizira ndi kutentha. Mukamakwecha mukuchotsa choyeracho n'kuonetsa chachikasu, n'chifukwa chake madzi ozizira ayamba kukulasani.

Mawanga oyamba paubwana nthawi zambiri amabwera mwana akamamwa madzi okhala ndi fluoride (mchere wachilengedwe womwe ukakhala wochepa umalimbitsa mano) wochuluka kwambiri pamene mano osatha akupangika mkati mwa nkhama, asanakwanitse zaka 8. Si uve ayi, komanso si kuola. Bangalo lili m'kati mwa dzino, ndiye mswachi sungalifike. Pitani kwa dokotala wa mano akaone ngati ndi zimenezi. Dzino lobenthukalo angalimate ndi zomatira zofanana mtundu ndi dzino, ndipo kawirikawiri ntchitoyi imatha tsiku lomwelo.

Koma chandikhudza ine ndi dzanjalo. Mwakhala mukulanga nkhope yanu zaka zonsezi pa mlandu womwe simunapalamule. Anzanu sakudziwa kuti mukubisa mano, akungoona munthu wosaseka, basi n'kumakupewani. Inunso mukaona akukupewani mumati, "Awaona manowa." Umo ndi momwe munthu amatsalira yekha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa, ndiye mwa amene mukuwachitira manyaziwo, ambiri ali ndi zawo zomwe akubisa. Ndiponso dokotala wina wa ku France, Duchenne de Boulogne, anasonyeza kale mu 1862 kuti kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumakoka minofu yozungulira maso, osati ya pakamwa yokha. Munthu akamaseka nanu amaona masowo. Musadikire dokotala kuti mutsitse dzanja. Yambani kunyumba, pamaso pa amene amakukondani kale.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi. Bambo wina akuti: "Ndikamatsuka mano nkhama zimatuluka magazi, ndiye mbali imeneyo ndinasiya kuitsuka. Akazi anga ayamba kutembenuza nkhope ndikamayankhula nawo pafupi. Sanandiuze chilichonse, koma ndikudziwa."

Bambo, mwasiya pomwe pakufunika kutsuka kwambiri. Nkhama zimatuluka magazi chifukwa cha zonanda zomwe zimaunjikana pomwe dzino lakumana ndi nkhama, ndipo m'menemo mumadzaza mabakiteriya. Fungo likuchokeranso komweko ndi kumbuyo kwa lilime. Tsukani kawiri patsiku kwa mphindi 2 ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka musanagone, ndipo mukatha mungolavula, osachukucha ndi madzi. Lilime musaliiwale. Pakatha milungu iwiri magazi osasiya, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa zonandazo zikauma n'kulimba amachotsa ndi iyeyo. Mukayezetsenso shuga, poti matenda a shuga ndi a nkhama amakolezerana. Kwa mayi akunyumbako, yambitsani nkhaniyi ndinu. Iwo akusowa poyambira, akuopa kukukhumudwitsani.

Yachitatu yandivuta kuiwerenga. Ndi ya mnyamata wazaka 26.

"Chichokereni ntchito sindikupeza tulo. Ndikadzuka nsagwada zimawawa, ndipo mng'ono wanga akuti usiku ndimakukuta mano. Masiku ena kutsuka m'kamwa kumandikanika, ndilibe mphamvu. Anzanga amati ndizingomwetulira, nkhawa zitha zokha. Kodi n'zoona?"

Achimwene, anzanuwo akufunirani zabwino, koma akukupatsani mankhwala ochepa mphamvu. Mu 1988 akatswiri ena anapatsa anthu cholembera kuti achilume ndi mano, nkhope n'kukhala ngati ikumwetulira, ndipo anthuwo anati zithunzi zoseketsa zomwe anaonetsedwa zinawasangalatsa kwambiri. Nkhaniyi inatchuka padziko lonse. Koma mu 2016 magulu 17 a ofufuza atabwereza zomwezo, sanapeze zimene anzawo aja anapeza. Kumwetulira mwina kungapepuze mtima pang'ono kwa kanthawi, koma sikuchiza matenda a maganizo. Ine sindikonda kumva munthu wosweka mtima akuuzidwa kuti "tangosekani", chifukwa zimangomuphunzitsa kubisa.

Zimene mwafotokozazi zikugwirizana. Nkhawa ndiyo imodzi mwa zinthu zomwe zimachititsa munthu kukukuta mano ali m'tulo, ndipo akapitiriza mano amaperepeseka, ena amang'aluka, mutu umawawa m'mawa. Dokotala wa mano angakupangireni kapulasitiki kovala usiku kotchinjiriza manowo. Kulephera kutsuka m'kamwa nakonso si ulesi. Munthu akavutika maganizo, tinthu tating'ono todzisamalira ndi timene timayamba kugwa. Masiku ovutawo musadziimbe mlandu: tsukani kamodzi kokha usiku, ngakhale mutakhala pabedi.

Chachikulu, kauzeni achipatala za kusowa tuloko ndi kutha mphamvuko, monga mwandiuzira ine. Matendawa amachizika, ena ndi uphungu, ena ndi mankhwala. Akakupatsani mankhwala mudziwe kuti ena amaumitsa m'kamwa, pomwe malovu ndi amene amatsuka asidi wowononga mano. Musawasiye mankhwalawo chifukwa cha zimenezo. Muzimwa madzi pafupipafupi, muchepetse zotsekemera, ndipo muwauze adokotala. Ngati nthawi ina maganizo ofuna kudzipweteka atakufikirani, musagone nawo. Mudzutseni mng'ono wanuyo, mupite limodzi kuchipatala usiku womwewo.

Nthawi yatithera. Pali agogo ena amene afunsa za mano oikirira omwe akugwedera akamayankhula, ndi mayi oyembekezera amene nkhama zawatupa. Mayi, musachite mantha, zimachitikira ambiri pa nthawi imeneyi, pitirizani kutsuka ndipo mukanene kusikelo. Agogo, kalata yanu ndi imene tidzayambire sabata yamawa.