Mwakwezedwa Kukhala Manijala? Bwana Woopedwa Amamva Zinthu Mochedwa

Ngati mwalandira kalata yokukwezani pantchito posachedwapa, ndipo tsopano muli ndi ofesi, anthu oti muziwayang'anira komanso bajeti yoti muziyankhira kwa mabwana akuluakulu, onerani vidiyo ino mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza limodzi limene mwauzidwa kale ndi anthu okufunirani zabwino, ndipo lero ndikufuna kulithetsa. Moni kwa nonse amene mukutionera ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, ku Dyeratu ndi pa boma la Nsanje, komanso kwa inu ana a kuno kuchigwa amene ntchito inakutengerani ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Kuno kuchigwa cha Shire maudindo otere alipo ndithu. Tili ndi fakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo, kampani ya Presscane yopanga ethanol ku Chikwawa, alimi a nzimbe a Kasinthula ndi Phata amene ulimi wawo umayendetsedwa ngati bizinesi, nkhalango ya Majete imene bungwe la African Parks lakhala likuiyendetsa kuyambira 2003, ndiponso ntchito yaikulu ya ngalande yothirira ya Shire Valley Transformation Programme. M'malo ngati amenewa, monganso kwina kulikonse padziko, munthu amakwezedwa chifukwa anali katswiri pa injini, pa munda kapena pa mabuku a ndalama, koma udindo umene wapatsidwawo ndi woyang'anira anthu, ndipo nthawi zambiri ntchito imeneyo sanaiphunzirepo.

Ndakukonzerani mfundo zisanu ndi imodzi zothandiza manijala watsopano. Ziwiri zoyambirira ndizithamangira, chifukwa ambiri mwa inu mukuzidziwa kale.

Mfundo yoyamba: siyani ntchito yanu yakale. Ngati munali makaniko, manja anu adzafuna kulanda sipanala nthawi iliyonse imene mnyamata akuchedwa kumasula nati, koma mukamatero iye saphunzira ndipo ntchito yanu yeniyeni imaima. Perekani ntchito, nenani momveka chimene mukufuna ndi tsiku limene mukuchifuna, kenaka bwererani kukaona.

Mfundo yachiwiri: dziwani manambala a dipatimenti yanu, kuyambira dizilo, ovataimu mpaka zipangizo zoitanitsa kunja. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo manijala amene sankadziwa kuti ndi zinthu ziti m'bajeti yake zimagulidwa ndi ndalama zakunja anangoona ndalama zamuthera chaka chisanathe.

Tisanapitirire, ngati n'koyamba kufika pa tchanelo chino, dinani batani la Subscribe ndi kabelu kali pambali pake, chifukwa izi zimathandiza kuti YouTube ionetse mavidiyo a Chichewa kwa anthu ambiri.

Tsopano tafika pa mfundo yachitatu, imene ndi chifukwa chenicheni chimene ndakonzera vidiyo ino. Tsiku limene mwakwezedwa, wina amakuitanirani pambali n'kukuuzani kuti: "Achimwene, muyambe ndi ukali. Mukawasekerera anthuwa akudererani. Bwana amayenera kuopedwa." Ena amawonjezeranso kuti anthu a kuno samva pokhapokha muwakalipire, ndipo mawu amenewa amandiwawa mtima kwambiri, chifukwa akunyoza anthu amene amadula nzimbe ndi kukonza makina pa kutentha kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Langizo limeneli ndi labodza, ndipo limawononga makampani.

Taganizirani za bambo wina amene amayang'anira mapampu othirira usiku. Cha m'ma 2 koloko akumva kaphokoso kachilendo pa pampu imodzi, akuika dzanja pa chitsulo n'kupeza kuti chatentha kuposa masiku onse. Bamboyu akudziwa bwino lomwe kuti beringi, kachitsulo kothandiza kuti pampu izizungulira bwino, yayamba kutha. Akukumbukiranso kuti mwezi watha mnzake atanena za vuto ngati lomweli anakalipiridwa pamaso pa gulu lonse, n'kuuzidwa kuti ndiye wawononga makina ndipo adulidwa malipiro. Choncho akuthira girisi, akulemba m'buku kuti zonse zili bwino, ndipo akupemphera kuti pampuyo ikafere pa shifiti ya munthu wina. Patapita masabata angapo pampu yapsa, chipangizo chake n'chofunika kuitanitsa kunja, ndipo mbewu zafota m'munda. Vuto limene likanatha ndi beringi imodzi ladya ndalama zambirimbiri. Bwana wake woopedwa uja ndiye womaliza kumva, ndipo mu lipoti lake alemba kuti antchito ndi osasamala, pomwe iye mwini ndi amene anawaphunzitsa kukhala chete.

Izi si maganizo anga okha. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wina wa ku yunivesite ya Harvard, mayi Amy Edmondson, ankafufuza zolakwika zimene zimachitika popereka mankhwala m'zipatala za ku America. Iwo ankayembekezera kuti magulu a anamwino ndi madokotala ogwirizana, okhala ndi atsogoleri abwino, apezeka ndi zolakwika zochepa, koma anadabwa kuona kuti m'magulu amenewo ndi mmene munalembedwa zolakwika zambiri. Atafufuza mozama anapeza kuti m'magulu abwinowo anthu ankamasuka kunena akalakwitsa, pomwe m'magulu olamulidwa mwaukali anthu ankabisa. Mu 2012 kampani ya Google inayamba kafukufuku wa magulu ake 180 pofuna kudziwa chimene chimachititsa kuti gulu lina lichite bwino kuposa linzake, ndipo chimene chinaposa zonse chinali chakuti munthu azitha kufunsa funso, kutsutsa kapena kuvomera kulakwa popanda kuopa kuchititsidwa manyazi.

Ife a kuchigwa tiyenera kumvetsa nkhaniyi msanga kuposa wina aliyense, chifukwa tikudziwa mtengo wa uthenga wochedwa. Tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, tinaona namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 mpaka magetsi a pamalopo anasiya kupangidwa, ndipo tinaonanso Freddy mu Malichi 2023. Madzi akayamba kukwera mumtsinje wa Mwanza kapena wa Ruo, munthu woyamba kuona ndi mlonda, dalaivala wa thirakitala kapena mayi wolima m'mbali mwa mtsinje. Ngati mlonda ameneyu amaopa kukuimbirani foni usiku, mapampu, feteleza ndi magalimoto a kampani adzamira inu muli m'tulo.

Pali chinanso chimene chikukhudza chikhalidwe chathu. Tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu pagulu, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma pantchito umatanthauza kuti mantha alipo kale inu musanawonjezerepo anu. Munthu akakuyankhani kuti "inde bwana", nthawi zina akutanthauza kuti wamva mawu anu basi, ngakhale mumtima akudziwa kuti zimene mwalamulazo sizingatheke ndi thirakitala imodzi imene yatsala yamoyo. Manijala watsopano ayenera kuchita kugwira ntchito yochotsa mantha amenewa, chifukwa sachoka okha.

Nanga muchite chiyani? Munthu akabwera ndi uthenga woipa, mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale othokoza kuti wanena msanga, ngakhale mtima wanu ukuwira, popeza anzake onse akuyang'ana kuti aone chimene chimuchitikire. Funsani kaye chimene chachitika musanafunse amene wachita. Pamsonkhano, aloleni achinyamata ndi a maudindo aang'ono ayambe kulankhula, inu mulankhule pomaliza, chifukwa mukangonena maganizo anu poyamba msonkhano watha. Mukapereka ntchito, m'malo mofunsa kuti "mwamva?", funsani kuti "chingatilepheretse n'chiyani?" ndipo dikirani yankho ngakhale patakhala bata kwa kanthawi. Tulukani mu ofesi m'mawa dzuwa lisanakwere, mukaime pamene anthu akugwirira ntchito, ndipo ngati ndinu mlendo kuno phunzirani kupereka moni m'Chisena. Kudzudzula kuchitikire pa awiri, chitseko chili chotseka. Ndipo wina akakuuzani vuto, lichitireni kanthu kapena bwererani kukamufotokozera chifukwa chake simunathe, chifukwa munthu amene wanena kawiri osaona kusintha sadzanenanso kachitatu.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kulemba ndemanga yoti zimenezi ndi kulekerera anthu. Lembani ndithu, ndimawerenga zonse, koma mvetserani mfundo yachinayi.

Mfundo yachinayi: khwimitsani malamulo, koma mwachilungamo. Kuba, kuledzera pantchito, kujomba mwadala komanso kuvutitsa amayi pofuna kugonana nawo ndi milandu yofunika chilango, ndipo manijala amene amaiyang'anira kumbali walephera udindo wake. Kusiyana kwake n'kwakuti chilango chimatsata ndondomeko yodziwika kwa aliyense, osati mkwiyo wa bwana pa tsikulo. Lamulo la Employment Act la 2000, mu gawo 57, limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso kuti ngati nkhani ikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe kaye mwayi wodziteteza. Mawu akuti "usabwerenso mawa" onenedwa mwaukali akhoza kufikitsa kampani yanu ku khoti la Industrial Relations Court. Lembani machenjezo, sungani makalata, ndipo funsani a ofesi yoona za antchito musanasaine chilichonse.

Mfundo yachisanu ndi yokhudza abale ndi anzanu. Mukangokwezedwa, amalume adzabwera ndi mwana wawo amene ali ndi satifiketi ya MSCE, a kumpingo adzatumiza wawo, ndipo anzanu amene munkadya nawo nsima masana adzayembekezera kuti ovataimu izigwera kwa iwo. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zambiri zimachokera kwa anthu amene mumawakonda. Auzeni mwaulemu tsiku limene kampani ikulemba anthu ndi kumene angasiye kalata, ndipo ngati m'bale wanu waitanidwa kukafunsidwa mafunso, nenani poyera kuti ndi m'bale wanu n'kutuluka m'gulu lofunsalo. Anzanu akale pitirizani kuwalonjera ndi kupita kumaliro awo, koma ndandanda ya mashifiti ikhale yopachikidwa pakhoma pamene aliyense angaione.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi: pezani munthu amene anakhalapo pa udindo ngati wanu, makamaka wa ku dipatimenti ina, woti muzimufunsa nzeru, ndipo ngati kampani ili ndi ndalama za maphunziro, funsani za makosi a utsogoleri ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kapena ku Malawi School of Government.

Sabata yamawa tidzatenga bajeti ya dipatimenti n'kuiwerenga mzere ndi mzere, kuti muzidziwa choyankha akakufunsani chifukwa chake dizilo wadutsa malire. Ngati muli ndi mnzanu amene wangokwezedwa kumene, mutumizireni vidiyo ino pa WhatsApp, ndipo mafunso anu okhudza bajeti alembeni m'munsimu lisanafike Lachinayi, kuti ndiwayankhe mu vidiyo imeneyo.