Alamu ali pa makina, kumudzi akuti awalodza

Moni a ku Nchalo, a ku Ngabu, a ku Bangula mpaka ku Marka, ndi inu anzanga muli kuno ku Joni. Mawu asasa, pepani. Ndangotsika takisi kuchokera kuchipatala, tulo sindinatione.

Alamu anga atha masiku 9 ali ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Chinayamba ngati chimfine wamba cha nyengo yozizira ino. Tangoganizani, munthu wokulira ku Nsanje, kumene dzuwa limathamangitsa mbuzi kukabisala pansi pa ngolo, kumuimika pa geti usiku wonse mu June wa Johannesburg, kajekete kopyapyala ngati neti ya udzudzu. Anatsokomola sabata yathunthu. Bwana wawo akuti ukajomba usadzabwerenso. Bwana yemweyo malipiro a mwezi watha sanapereke, ndikaimba akungodula. Sindimutchula dzina, koma geti lake ndikulidziwa.

Pomafika kuchipatala n'kuti milomo itada bii, mapapo atalemedwa ndi madzi. Anawagoneka ndi mankhwala, paipi kukhosi, makina n'kumawapumira. Dzulo namwino powaunika m'maso ndi katochi anapeza kuti kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa kanzake. Anathamangira nawo ku sikani ya mutu. Magazi akuchucha mu ubongo.

Ine ndinapsa mtima. Tabwera ndi chifuwa, za mutu zachokera kuti? Adokotala, mayi wodekha, anandikhazika pansi. Akuti kachilombo ka chimfine kakalusa chonchi magazi amayamba kuundana m'mitsempha, ndipo chibuma chikakatseka m'mapapo munthu amapita. Ndiye amapereka mankhwala otchedwa heparin kuti magazi asagwirane. Koma kamtsempha ka m'mutu kakangong'ambika, magazi omwewo saleka kutuluka. Matendawo amafooketsanso makoma a mitsempha, ndipo ma platelet, tinthu timene timatseka bala, nthawi zina timachepa. Akuti nthawi ya COVID-19, mu 2020 ndi 2021, zimenezi zinaoneka kwambiri kwa odwala oikidwa pa ECMO, makina otulutsa magazi kunja kwa thupi, kuwathira okosijeni n'kuwabwezamo. Ine ndinangokumbuka bwato pa Shire madzi atasefukira, uku mvuu, uku ng'ona, wopalasa asankhe yekha.

Chowawa n'chakuti munthu wogonekedwa sanganene kuti mutu ukundiwawa. Kupotoka kwa kamwa, kulemera kwa dzanja, zonse zimabisika. N'chifukwa chake katochi kaja.

Tsono mvetserani, amuna anzanga. Tsiku loyamba anandifunsa ngati alamu ali ndi BP, ine ndi chifuwa chonse ndinati ayi, ameneyu ndi chitsulo. Mlongo wanga ndiye wandiuza usiku wathawu pa foni kuti mapiritsi anasiya chaka chatha, ati akumva bwino. BP siimveka, abale! Imadya mitsempha mwakachetechete ngati chiswe mu nsichi. Tikagona asanu m'chipinda chimodzi timadziwana ngongole, timadziwana zibwenzi, koma matenda timabisana. Mnzako akakomoka ukanena chiyani kwa dokotala? Ndipo izi zoopa chipatala chifukwa cha mapepala, mpaka kupuma kuchite kuvuta, zitimaliza. Ife a kuchigwa tapirira madzi osefukira, tapirira namondwe Freddy, ndiye timayesa chimfine n'chiyani. Chimfine china si cha mandimu ndi jinja.

Amayi awo ku Bangula atumiza mawu pa WhatsApp, akuti amene awalodza ndi amalume aja anakangana nawo za dimba. Amayi, ndakugwadirani, chithunzi cha sikani ndachiona ndi maso angawa, kachigamba koyera mbali ya kumanzere. Musagulitse mbuzi kupita nazo kwa sing'anga, ana adzafuna fizi. Amalume asiyeni alime.

Heparin amuimitsa. Tikudikira dokotala wa ubongo anene ngati mpeni ungathandize. A gulu lathu la Chikwawa, zopereka zija zipite kwa msungichuma, osati kwa ine, mukundidziwa. Dikirani, foni ikulira, nambala ya ku wodi.