Malata akudontha koma mvula kulibe, vuto ndi chani?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili kuno ku Mangochi ndipo nkhani yathu ndi madzi aja amagwa kuchokera kumalata mbandakucha chonsecho kunja kuli gwaa. Ambiri amathamangira kwa kalipentala kuti denga laboola, amata phula pamisomali yonse, mawa lake bulangete lanyowanso pomwe paja.

[Kamera ionetse kunsi kwa malata, madontho ali lende]

Madzi amenewa sakuchokera kunja ayi, ndi a mnyumba momwemo. Mpweya umanyamula madzi osaoneka ndi maso ndipo ukatentha umanyamula ambiri. Pa madigiri 30, mpweya wodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse utha kusunga magalamu pafupifupi 30 a madzi, koma ukazizira kufika madigiri 15 umangokwanitsa 13 basi. Otsalawo amasanduka madontho pachinthu chilichonse chozizira, ngati mmene limachitira botolo la Fanta mukangolitulutsa mufiriji. Malata amazizira msanga usiku, makamaka mu June ndi July kumwamba kukayera, ndiye nthunzi yonse imakathera pamenepo.

Ndiye taganizani ife kuno, nyanja ya Malawi uku, Malombe uku, Shire wadutsa pa boma pomwepa, chinyezi tili nacho kale, kenako tikuonjezera tokha, nsima ikuwira mnyumba, madzi osamba tatenthetsa mnyumba, nthawi ya dzinja zovala tayanika kuchipinda, usiku banja lonse likupuma mawindo ali chitsekere. Nthunzi imeneyi ituluka bwanji?

[Onetsani mavent otsekedwa ndi masanza]

Apa ndi pamene pamandipweteka mtima. Timabowo timene amisiri amasiya pamwamba pa mawindo si tokongoletsa nyumba, mpweya wotentha umakwera mmwamba ndipo umatulukira pamenepo. Koma nyumba zambiri tinatseka ndi masanza, makatoni, ena mpaka anamata simenti. Chifukwa chake ndikuchimva, udzudzu wa kunyanja kuno si masewera ndipo malungo avutitsa ana athu. Koma chotsani masanzawo, mukhomepo waya wa gozi, udzudzu sulowa koma mpweya udutsa. Neti muzigonamobe.

Mmawa mukadzuka tsegulani mawindo awiri oyang'anizana, kapena windo ndi chitseko, kuti mphepo ilowe uku ituluke uko. Windo limodzi lokha silithandiza kwenikweni. Nthawi ya mwera ndiye simuvutika nkomwe, kanthawi kochepa mnyumba mwauma. Pophika vundikirani mapoto, ndipo ngati nkotheka phikirani pakhonde.

Za mbaula ndinene motsindika abale anga. Osagona ndi mbaula yamoto mchipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo kenako osadzukanso.

[Sunthani wodilopu, muonetse khoma lakuda]

Zakuda izi ndi nkhungu, ndi zimene zimabweretsa fungo lija mzovala, ndipo kwa mwana wa mphumu chifuwa sichitha. Wodilopu isagundane ndi khoma, siyani kampata koti dzanja lilowe. Matumba a chimanga ndi mtedza musawaike pansi pasimenti, sanjikani pamatabwa kutali pang'ono ndi khoma, chifukwa chuku chikagwira mbewu chimatha kutulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Amene muli ndi siling'i, pakati pa siling'i ndi malata pazidutsanso mpweya, apo ayi mabodi ayamba mawanga nkufufuma.

Koma ngati khoma likunyowa kuyambira pansi, penti nkumasupuka ndi zoyera ngati mchere, limenelo ndi vuto lina. Madzi akukwera kuchokera mnthaka, nthawi zambiri chifukwa pomanga sanayale pulasitiki wakuda uja pafaundeshoni, kapena madzi a mvula amadikha mphepete mwa nyumba. Pamenepo kutsegula mawindo sikukwanira, kumbani ngalande madzi azipita kutali ndipo muitane mmisiri adzaone khomalo.