Mkunga wanga anaukana agogo a ku Siberut

Moni abale anga, a ku Joni, a ku Leeds, ndi inu ochepa amene tili limodzi kuno ku Indonesia. Mukamva mawu akusasa musadabwe, ndatsika boti la ku chilumba cha Siberut dzulo lomweli. Ine mwana wa ku Nkhotakota, wokulira m'bwato, ndinadzitama padoko la Padang kuti madzi sandiopsa. Ha! Nyanja yamchereyi ndi ina. Ndinasanza mpaka kamwana kena kanandibwereka jumbo yake.

Koma nkhani si imeneyo. Mnzanga wa m'kalasi, wa mtundu wa Mentawai, ananditengera kwawo kumwambo wa banja. Kwa eni sapita chimanjamanja, ndiye ndinagula mkunga wonona kuti ndikapatse agogo ake. Agogowo ndi sikerei, tingoti sing'anga, thupi lonse mphini zojambula, m'khosi mikanda ndi kolona yemwe. Anangouyang'ana, n'kuseka, n'kuukankhira kwa adzukulu. Sikerei sadya mkunga, n'choletsedwa, eni ake amati keikei. Manyazi ake inu! Anaumaliza ndi mnzanga yemweyo, akuti lamulolo ndi la agogo, iye silimukhudza.

Pajatu mu 1954 akuluakulu a boma anachititsa msonkhano n'kuletsa chipembedzo chawo cha Arat Sabulungan. Anthu anapatsidwa miyezi itatu kuti asankhe, Chikhristu kapena Chisilamu. Zipangizo za asing'anga zinatenthedwa, tsitsi lalitali kumetedwa, mphini kuletsedwa. Lero agogowa Misa saphonya, koma mkunga toto.

Ndiye ya nkhumba. Ikaphedwa mu uma, nyumba yaikulu ya fuko ija, aliyense amalandira gawo lake, ndipo gawolo ndi limene limasonyeza kuti ndiwe wa pamenepo. Mchemwali wa mnzangayo analowa Chisilamu ali pasukulu ku Padang. Anamuphera nkhuku, palibe anakangana, koma nkhope ya mayi ake pogawa paja ndinaiona ine.

Tsono inu amene mukangofika kunja mumayamba kuseka za eni dziko, tasiyani. Kwathu bwanji? Agogo anga anali a Mvano, nyimbo zonse pamtima, koma mayi akakhala kumwezi sankaloledwa kuthira mchere m'ndiwo, kuopa mdulo. Ankatuma ife ana. Ndinakula ndikuti zachikale zimenezo, ine wasukulu. Koma mlongo wanga atachira chaka chatha, ndani anaimba foni usiku kufunsa ngati alamu alangizidwa kuti adikire kaye mpaka mwana aikidwe kumphasa? Ndine ndemwe, ndili Padang muno, mayunitsi anga! Ndiye ndingaseke mkunga wa agogo aja?

Masiku anayi onsewo chakudya chinali sago, ufa wa m'thunthu la mtengo wonga mgwalangwa, wowotcha m'masamba. Ndadya osadandaula, ndine mwamuna. Koma achimwene amene mukubwera mwezi wamawa, chonde ufa woyera makilogalamu awiri ndi usipa pang'ono. Mumange bwino, pabwalo la ndege agalu aja amanunkhiza.