Musalowe Shifiti Musanagone: Mawu kwa Anzathu a Ntchito ya Keya

Zikomo abusa, zikomo amayi a komiti pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, takhalani pansi, mbale ziyambe zadikira. Ana ali pakhomowo wina awalowetse, kunja kukuzizira.

Nkhani yandiimiritsa pano ambiri mwaimva kale pa WhatsApp, ena mwaimva itathiridwa mchere. Dzina sinditchula, nanunso musalitchule. Mchemwali wathu wina wa ntchito ya keya, yosamalira okalamba ndi odwala kuno ku UK, anaweruka shifiti ya usiku Loweruka m'mawa. M'malo mopita kukagona anapita kukaphika paphwando la mnzake, mandasi, mpunga, nkhuku, tsiku lonse ali chiimire. Madzulo analowanso usiku. Lamulungu m'mawa anali pano m'kwaya, ndipo tonsefe tinamuombera m'manja. Madzulo analowanso. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba anakhala pampando m'korido kuti alembe manotsi, tulo tinamuba. Agogo ena a matenda oiwala anadzuka kuti apite kuchimbudzi, alamu inalira, iye osamva. Agogowo anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Pamene ndikulankhula pano ali m'chipatala, mchemwali wathu waimitsidwa ntchito, nkhani ili m'manja mwa a safeguarding a khonsolo, oteteza anthu osatha kudziteteza.

Mchemwali ameneyu si waulesi, si wankhanza, ndi munthu amene ukadwala amayamba ndi iyeyo kugogoda pakhomo ndi phala. Chinamugwetsa ndi kusagona. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Choncho mawu anga lero ndi amodzi okha: musalowe shifiti musanagone.

Amene simugwira ntchitoyi, ndikuuzeni usiku wa mu care home, nyumba yosamaliramo okalamba, momwe umakhalira, kuti muziwamvetsa anzanu. Umalowa 8 koloko madzulo, kutuluka 8 koloko m'mawa. Ukalandira handover, lipoti la anzako amene akuweruka, umayamba kugoneka anthu. Ena ndi onyamulidwa ndi makina a hoisti, ofunika anthu awiri. Ena care plan imati azitembenuzidwa maola awiri aliwonse kuopa zilonda za pabedi. Kusintha mapadi, kuchapa, kuyang'ana ngati aliyense akupuma bwino, kulemba chilichonse. Kuli agogo amene 2 koloko usiku avala jekete ndi nsapato, chikwama m'manja, akuti akukatenga ana kusukulu, anawo pano ndi akuluakulu a zidzukulu. Sungawakalipire. Umayenda nawo m'korido, kuwapangira tiyi, kuwafunsa mayina a anawo mpaka mtima utakhala pansi. Zimenezi zimafuna mutu wogona. Ndipo nthawi zambiri muli awiri okha pa floor yonse, mnzako akalowa m'chipinda china maso a anthu onsewo ndi iweyo.

Pali shifiti ya sleep-in, imene umaloledwa kugona n'kudzuka pokhapokha utafunidwa. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 2021 kuti maola ogonawo sawerengeredwa pa malipiro ochepetsetsa a pa ola. Koma ambirife tili pa waking night. Pamenepo amatilipira kuti tikhale maso. Ukaodzera, ngakhale mphindi khumi, kwa bwana ndi mlandu waukulu.

Zotsatira zake ndi izi. Munthu akavulala, bwana ayenera kudziwitsa khonsolo ndi a CQC, bungwe loyendera malo a keya. Akakuchotsa ntchito chifukwa chovulaza kapena kuika pangozi munthu wosatha kudziteteza, lamulo limamukakamiza kupereka dzina lako ku DBS, bungwe losunga mayina a anthu oletsedwa ntchito zotere, ndipo a DBS angathe kukuletseratu ntchito yosamalira anthu. Palinso lamulo la 2015 lonena za kunyalanyaza dala munthu amene ukumusamalira, lofika mpaka kundende. Sindikuti aliyense woodzera amafika kumeneko, ayi, koma msewu wake ndi umenewo. Ndiye kwa ife a viza pali chinanso. Ntchito ikatha, sponsa, bwana amene anakusainira viza, amauza Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, ndipo kawirikawiri amakupatsa masiku 60 kuti upeze sponsa wina. Khomo lija la viza ya keya linatseguka mu February 2022, limene ambiri tinalowera, linatsekedwa pa 22 July 2025 kwa anthu ochokera kunja. Ukabwerera kumudzi, njira imeneyi yobwererera kuno palibenso. Nanga zonsezi n'zoyenera kusinthanitsa ndi mandasi a paphwando? Musalowe shifiti musanagone.

Tsopano za kukhitchini. Ndimalowa m'nyumba zanu, ndimaona. Furiji muli mkaka ndi tomato mmodzi wofota, pamwamba pa tebulo zitini za zakumwa zopatsa mphamvu zija. Achimwene anga inu makamaka. Munthu wakula ndi nyemba ndi bonongwe lero akukhalira mabisiketi a mu staff room. Ndiye ena ndi osiyana: amabwera ku shifiti ndi nsima mitanda itatu, ndi kuimeza 1 koloko usiku. Nsima ndimaikonda, ufa ndimakagula ku shopu ya zakwathu ngati inu nomwe, wina akabwera ndi usipa kapena matemba ndimayamba ndine kuimba foni. Koma nsima ya pakati pa usiku mukuidziwa chimene imachita ndi zikope. Idyani chakudya cholemera musananyamuke. Usiku tengani chopepuka, nthochi, mazira, mtedza, supu, ndi madzi ambiri. Khofi imwani koyambirira kwa shifiti, osati 6 koloko m'mawa, mukafika kunyumba mudzangoyang'ana denga.

Tsiku la ofu phikani mphika waukulu. Nyemba, nkhuku, masamba otendera, gawani m'timakontena, zina mufuriji, zina mufiriza, mulembe tsiku. Za mufuriji zisapitirire masiku awiri. Mpunga ndiye samalani nawo. Mpunga wophika ukakhalitsa panja umamera tizilombo timene poizoni wake safa ndi kutenthetsa. Uziziritseni msanga, ulowe mufuriji lisanathe ola, mudye pasanathe tsiku, ndipo mutenthetse kamodzi kokha mpaka nthunzi. Amayi a komiti, mpunga uli kumbuyoku mwaumva? Otsala musaugawe madzulo utakhala tsiku lonse patebulo. Wa keya akatsegula m'mimba ayenera kukhala kunyumba maola 48 atasiya, ndiye ndalama zatayika, ndipo akabisa n'kupita, agogo a zaka 90 matenda amenewo angawatengere kumanda.

Pali mayi wina ndinagwira naye ntchito, ankasunga kabuku. Lachiwiri lililonse anali ndi miphika inayi pamoto, wailesi ya kwathu ikulira pafoni, ana akusenda anyezi. Anzake ankamuseka kuti wasandutsa nyumba lesitilanti. Koma ndiye yekha amene m'mawa ankafika kunyumba, kusamba, kudya kaphala, 9 koloko ali m'bulangete.

Abusa, apa mundikhululukire, ndilowa m'munda mwanu. Tchalitchi ndi chimene chatisunga m'dziko muno. Pano ndi pomwe timamva Chichewa, pomwe wina amakufunsa kuti wadya. Ndani angakane? Koma tasandutsa kutopa kukhala chizindikiro cha uzimu. Munthu akachoka ku shifiti molunjika n'kubwera kudzaimba timati ndi wodzipereka. Akasowa Lamulungu limodzi, mafoni: mwabwerera m'mbuyo kodi? Mapemphero a usiku wonse Lachisanu, Loweruka 7 koloko m'mawa munthu yemweyo akukagawa mankhwala. Eliya atafooka m'chipululu, mngelo anamudyetsa n'kumusiya agonenso. Tsono ife atsogoleri a kwaya, a chigwirizano, a achinyamata, tisanapatse munthu ntchito tiyambe tamufunsa rota yake, ndandanda ya mashifiti ake. Akati ndili pa usiku, yankho likhale loti pitani mukagone, tikupemphererani. Mchemwali uja anaimba pano maso ali psuu, ndipo palibe mmodzi wa ife anamukokera pambali.

(Bambo wina akuimirira kumbuyo: Amayi, zonsezo tamva. Koma ine ndili ndi ngongole ya ejenti amene anandibweretsa, lendi, ana atatu kumudzi akufuna fizi, mayi anga akudwala. Ndikakana shifiti manijala akuti kumbukira amene anakusainira viza. Ndiye tulo mukunenato ndigona bwanji?)

Achimwene, khalani pansi, mwafunsa m'malo mwa anthu ambiri. Sindikunamizani kuti n'zophweka. Koma mverani, chifukwa ambiri timaopa zinthu zimene sitinaziwerenge.

Lamulo la maola ogwira ntchito la 1998 likuti maola 48 pa sabata, akawerengera pa masabata 17. Ambiri tsiku loyamba anatisainitsa pepala lovomera kupitirira maola amenewo, tinasaina pamodzi ndi mapepala ena osaona. Pepalalo mungathe kulibweza polemba kalata, ndi chidziwitso cha masiku 7 kapena chimene munagwirizana, koma sichingapitirire miyezi itatu. Bwana saloledwa kukulangani chifukwa cha zimenezo. Pakati pa shifiti ndi shifiti payenera kukhala maola 11 opuma, ndipo akakuphwanyirani chifukwa cha kusintha kwa rota ayenera kukubwezerani mpumulowo. Sabata iliyonse maola 24 osagwira ntchito, kapena 48 pa masabata awiri. Wa usiku ali ndi ufulu woyezedwa thanzi mwaulere. Tchuthi cholipidwa ndi masiku 28 pachaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Malamulo amenewa safunsa pasipoti. Ndi anu chimodzimodzi ndi mzungu amene mumagwira naye.

Za viza. Manijala safufuta viza, ndi Home Office yokha. Iye angathe kukuchotsani ntchito, inde, n'chifukwa chake ndikuti musamenyane naye m'korido. Lembani. Uthenga uliwonse woopseza sungani, rota jambulani, mapepala a malipiro ikani pamodzi. Kenaka pitani kwa ACAS kapena Citizens Advice, mabungwe opereka uphungu, salipiritsa. Lowani yuniyoni, Unison imalandira a keya, ndipo lowani mavuto asanabwere, osati tsiku la hearing, loweruza mlandu wanu kuntchito. Dziwaninso kuti amene ali ndi mantha si inu nokha. Kuyambira July 2022 mpaka December 2024 boma linalanda malaisensi opitirira 470 kwa masponsa a keya. Bwana woopseza antchito akudziwa zimenezi. Ndipo kusintha sponsa n'kololedwa muli konkuno. Yambani kufunafuna mukadali pantchito, mwakachetechete.

Ganyu wapambali viza imalola mpaka maola 20 pa sabata, pa ntchito yololedwa, mukugwirabe kwa sponsa wanu. Kuti imalola sikutanthauza kuti thupi lilola. Za kulipidwa m'manja zija zisiyeni, zidzakudyerani viza.

Tsono za kumudzi, achimwene, apa ndipo povuta, chifukwa si lamulo, ndi mtima. Akumudzi amaona mapaundi, saona korido ya 3 koloko. Auzeni zoona. Auzeni lendi ndi zingati, khonsolo tax ndi zingati, basi ndi zingati. Ikani ndalama imodzi pamwezi, tsiku limodzi, kwa munthu mmodzi wodalirika. Zina zidikire. Mukagwa inuyo, fizi ya ana atatuwo alipira ndani? Shifiti imodzi yowonjezera ikulipira mwezi uno, koma ingathe kudya zaka zonse zotsala. Ngongole ya ejentiyo mundipeze tikatha pano, pali zina zimene sankayenera kukulipiritsani n'komwe, tikaone mapepala pamodzi. Koma ngakhale inu, achimwene, musalowe shifiti musanagone.

Anzathu nanu, abwenzi. Mnzanu wa usiku musamamuimbire 12 koloko masana kuti mungocheza, kwa iye ndi pakati pa usiku. Chipereganyu chathu n'chabwino, koma musakweze ndalama mpaka munthu azigwira masiku 7 kuti akwanitse. Pa maliro timasonkha, n'zoyenera, koma tiphunzirenso kusonkha nthawi munthu ali moyo: kumutengera ana kusukulu, kumusiyira kontena ya ndiwo pakhomo osagogoda.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumiphika, ndithamange. Gulani makatani ochindikala akuda, mwezi wa June kuno dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane. Foni izikhala chete, akumudzi auzeni nthawi yoimba, iwo ali patsogolo ndi maola awiri nyengo yozizira, ola limodzi nyengo yotentha. Yesetsani maola 7, ngakhale mutawagawa pawiri, m'mawa ndi madzulo musananyamuke. Vitamini D, mamaikurogalamu 10 patsiku, a NHS, a zaumoyo a kuno, amati ife akhungu lakuda tizimwa chaka chonse. Mukamva zikope kulemera pa shifiti musakhale pampando wofewa, imirirani, sambani kumaso, uzani mnzanu kapena nesi, kunena si mlandu. Mukaona kuti simunagone konse, imbani foni msanga apeze wina, osadikira 7 koloko. Oyendetsa galimoto, mukaweruka muli ndi tulo imani pamalo abwino, khofi, kagoneni mphindi 15, kapena siyani galimoto mukwere basi. Lembetsani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, ena mwatha zaka osayezetsa BP.

Amene muli pa rota usiku uno kwezani manja. Eya, asanu ndi mmodzi, ndi achemwali kumbuyoko. Amayi a komiti, amenewa muyambe ndi iwo kugawira, muwamangire m'makontena, ndipo asatsuke mbale kapena kunyamula mipando. Pali amene ali ndi galimoto wopita cha ku Beeston awatengeko? Zikomo, abambo. Abusa, tipempherereni chakudya.