Alamu, za powothera moto paja, matailosi ayambe adikira

Alamu, mwaswera bwanji ku Kalongwezi kumeneko? Uthenga wanu ndinaumva m'mawa, koma ndinali padenga, manja ali simenti yekhayekha. Tsopano ndakhala pansi. Ndiyankhula pang'onopang'ono kuti mumvetsere pamodzi ndi mnyamata wanu womanga uja.

Mwanditumizira zithunzi za matailosi kuti ndikusankhireni. Sindisankha. Mukugula zovala mwana asanabadwe. Powothera moto m'nyumba, mwini nkhani ndi chumuni. Chikamakoka utsi bwino, ngakhale njerwa zikhale zosapaka kanthu, Juni ndi Julayi mudzawotha mwamtendere. Chikakana kukoka, mlongo wanga adzakhala akutsokomola pabalaza, makatani ali bii, ndipo mlandu udzagwera ine.

Tiyambe pansi. Chumuni cha njerwa chimalemera kuposa mmene chimaonekera, ndiye musachikhazike pa simenti yopyapyala ya pabalaza ija. Muboole, mukumbe mpaka dothi lolimba, muthire konkire yochindikala masentimita 30, ndipo ipitirire masentimita 15 mbali zonse. Chikhale ndi maziko akeake.

Mabuloko a simenti aja mwaunjika panja musawaike pamene moto udzakhudza. Amang'aluka. Mufune njerwa zowotcha, zopsa bwino, zija mukazigunditsa ziwiri zimalira ngati chitsulo. Yolira ngati dzungu muisiye. Mukapeza njerwa zopangidwira moto ku hadiweya, ndiye bwino koposa, ngakhale mungogula zokwana m'kati mokha. Miyala yotola kumtsinje ayi, imasunga madzi m'kati, ikatentha imatha kuphulika n'kulasa munthu kumaso.

Tsono apa ndi pamene anyamata a masiku ano amandinena kuti ndine wachikale. M'kati mwa powotherapo, pamene lawi limanyambita, simenti wamba salimba. Amapsa, amasanduka fumbi, njerwa n'kuyamba kugwedera. Ife timamangira dothi la pachulu losefa bwino, losakaniza ndi mchenga, ndipo mizere yake ikhale yopyapyala, yosafika ndi chala chomwe. Dothi likamapsa limalimbirako, monga mmene mbiya ya amayi imachitira. Simenti mumugwiritse ntchito kunja ndi kumwamba.

Miyeso tsopano, mnyamatayo alembe. Pakamwa pa moto, masentimita 75 m'lifupi, 65 kupita m'mwamba, kulowa m'kati 50. Kwa pabalaza panu nkokwana. Anthu amafuna pakamwa pakulu ngati khomo la tchalitchi, kenaka njira ya utsi n'kuichepetsa ngati paipi ya madzi. Utsi ukasowa kopita umabwerera kwa eni nyumba. Lamulo lake ndi ili, bowo la chumuni likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a pakamwa paja. Pa miyeso ndakupatsaniyi, bowo likhale masentimita 23 uku, 23 uku, ndiye kuti kutalika kwa njerwa imodzi mbali zonse. Khoma lakumbuyo likafika theka liweramire kutsogolo pang'ono, kuti kutentha kuzibwera kwa inu, ndipo pamwamba pake pakhale mmero wopapatiza wa masentimita ngati 10, utsi usanalowe m'chumuni. Chopingasa pamwamba pa pakamwa chikhale chitsulo kapena konkire. Thabwa ayi, ngakhale la mukwa.

M'kati mwa chumuni azisalaza akamakwera, mzere ndi mzere. Akasiya zigamphu za matope, mwaye umakakamira pamenepo. Ndipo chikwere molunjika, asachikhotetse pofuna kuzemba thabwa la denga. Thabwalo ndiye lisunthe.

Za matabwazi ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndili mnyamata. Ndinamanga chumuni panyumba ina kuno ku Katete, ndipo kuti ndisavutike ndinagoneka thabwa la denga pa njerwa za chumunicho. Zaka ziwiri panalibe vuto. Chaka chachitatu mwini nyumba anamva fungo la kupsa usiku, moto atazima kale. Titakwera musiling'i m'mawa, tinapeza mutu wa thabwalo uli lasha lenileni, kukhudza ndi chala kumangoyoyoka. Thabwa likamatenthedwa chaka ndi chaka limauma, kenaka limadzayaka ndi kutentha kochepa. Mpaka lero ndikadutsa panyumbapo ndimayang'ana kumbali. Ndiye musiye mpata wa masentimita 5 pakati pa njerwa ndi thabwa lililonse, siling'i yomwe, ndipo mawaya a magetsi adutse kutali.

Kunja, chumuni chitalike. Mukadzaona nyumba zakale zija zokhala ndi machumuni, za nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, muyang'ane mmene anatulukira pamwamba pa denga. Sikunali kukongoletsa. Chitulukire masentimita 90 kuchokera pamene chaboola malata, komanso chipose ndi masentimita 60 chilichonse chimene chili pafupi nacho mamita 3, kaya ndi msonga ya denga kaya thanki ya madzi. Kwanuko kuli mapiri, mphepo imatsika n'kumazungulira, ndiye chumuni chachifupi chimabweza utsi. Nthambi ya mango ija yayandama pamwamba pa denga muidule. Pamene njerwa zakumana ndi malata mupinde lata lathyathyathya, m'mphepete mwake mulowe m'mizere ya njerwa. Kungomata simenti pamenepo, mvula ya Januwale idzakupezani pa sofa. Pamwamba muike kachisoti ka lata ndi waya wa sefa, mvula isalowe, mbalame ndi mileme zisamangemo.

Kumudzi kwa apongozi, panyumba ya udzu ija, musayese n'komwe.

Patsogolo pa moto, pansi, muyale njerwa kapena konkire kutulukira masentimita 50, m'mbali 30. Nkhuni zimathetheka, ndipo kapeti sachedwa. Komanso ndaona pachithunzi mwasiya soketi pamwamba penipeni. Alamu, mukufuna kupachika TV pamenepo? Mudzaonera mpira wa Chipolopolo nyengo imodzi yokha. Ipeze khoma lina.

Mukamaliza kumanga musasonkhe moto. Ndikudziwa mtima wanu, mudzafuna kuitana anzanu Loweruka lomwelo. Dikirani masiku 28, simenti akhwime, dothi liume. Ikakwana nthawi, yambani ndi nyuzipepala, muiyatse, muikweze kummero kuja, muone ngati utsi ukukwera. Wina akhale musiling'i ndi tochi, aone ngati sukutulukira m'mizere. Kenaka kamoto ka tizitsononkho ndi titsatsa, theka la ola basi. Mawa muwonjezereko pang'ono. Muchite choncho sabata yathunthu. Mukayamba ndi chimoto cha pamaliro, madzi otsala m'njerwa amasanduka nthunzi n'kung'amba khoma.

Pamenepo tsopano tikambe za matailosi anu. Aikidwe kunja kokha, kumaso, osati m'kati. Penti wa mafuta pafupi ndi pakamwa amatupa n'kusupuka, ndiponso amanunkha. Ine ndimakonda njerwa zosiyidwa choncho, mizere yokonzedwa bwino, kapena laimu, poti akada mumangopakanso. Ngati mlongo wanga akufuna thabwa loikapo maluwa, likhale pamwamba ndithu, masentimita osachepera 30 kuchokera pakamwa, ndipo likakhala lotambalala mulikwezenso.

Chinanso, moto umapuma ngati munthu. Mukatseka mazenera onse, n'kutsekanso timabowo ta mpweya tija ndi mapepala chifukwa cha chisanu, chumuni sichikoka. Musiye kampata. Ndipo mbaula ya malasha musaitengere kuchipinda ati ana afundidwe. Malasha amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, suoneka, sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, mseru, kenaka tulo tosadzuka nato. Mukaona anthu awiri atatu m'nyumba akudandaula mutu nthawi imodzi moto uli mkati, tsegulani zitseko, atuluke panja, muthamangire kuchipatala. Pogona, moto uzime. Tizipangizo tolira mpweyawu ukachuluka tilipo, mukatipeza ku Lusaka mugule kamodzi.

Nkhuni zikhale zouma. Zaziwisi zimasiya phula lakuda m'chumuni, ndipo phulalo likachuluka limayaka lokha. Gliricidia uja munabzala kumunda mudule msanga aume, azikuthandizani poyatsa. Mapulasitiki, matabwa opaka penti ndi mapolo othira mankhwala a chiswe asalowemo. Palafini kapena petulo, osayandikira. Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Epulo, mnyamata akwere ndi chingwe, amangirire thumba loikamo mchenga, alitsitse ndi kulikweza mwaye ugwe. Phulusa muziwolera m'ndowa yachitsulo, chifukwa limasunga moto mpaka mawa. Ndipo ka Mwatitha kayamba kukwawa, muuze owotcherera zitsulo ku Kapata akupangireni chotchinga cha waya choimika patsogolo.

Foni ikulira kuti batire latha. Ndibwera Loweruka ndi basi ya m'mawa. Mnyamatayo akumbe dzenje la maziko koma asathire konkire ndisanalione. Muuze mlongo wanga kuti chikanda chija ndidakachikumbukira.